Za Ndarama Zimene Zinamanga Mishoni, ndi Zimene Zinatsala Eni Ache Atapita

Pa chaka cha chikondwerero monga chino, mwambo wache ndiwo kuwerenga maina a ansembe ndi a amai asisteri amene anatsogola, ndi kuchula nyumba zimene anamanga; ndipo nkoyenera ndithu kutero. Koma liripo funso limodzi limene anthu sakonda kulifunsa pa tsiku la phwando, pakuti limveka ngati la mwano. Funsolo ndi ili: kodi ndarama zomangira zonsezi zinachokera kwa yani, ndipo pamene zinaleka kubwera, chinaima nchiani, chinagwa nchiani? Mbiri ya dziko lino la Phalula ndi Utale iyankha funsoli momveka bwino, tikalola kuimvera.

Dziko lathu mulidziwa. Liri m'chigwa cha Shire, dziko la malambe ndi la thonje, kumene dzuwa liswa mtengo ndipo mvula yache ndi ya njomba. Mtsinje wa Rivirivi utsika ku mapiri a Ntcheu, nupita pa Utale, nukathira m'Shire. M'dzinja usefukira, m'chilimwe uchepa kwambiri. Kale tinali pansi pa boma la Kasupe, limene pambuyo pache linasanduka Machinga, kufikira chaka cha 1998 pamene Balaka anakhala boma pa yekha. Dziko lotere, limene njala ilichezera kawiri-kawiri, likoka anthu a mtima wofuna kuthandiza. Chotero ife taona alendo ambiri alikufika ndi mphatso, taonanso ambiri alikutsazika. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo sananene monyoza, koma anangochula chimene maso aona m'mawa uli wonse.

Za khobidi limodzi pa sabata

Ansembe atatu a chipani cha Montfort, Bambo Pierre Bourget, Bambo Auguste Prézeau ndi Bambo Antoine Winnen, anafika pa Nzama, m'dziko la mfumu Njobvuyalema ku Ntcheu, m'mwezi wa July 1901. Kuchokera pamenepo anatsegula Nguludi m'chaka cha 1903, Neno m'chaka cha 1906, ndi Utale m'chaka cha 1908. Ambiri a ife tinakula ndi maganizo akuti Azungu amenewa anali ndi nkhokwe ya ndarama yosatha kwao. Sikunali tero iai. Masiku omwewo Boma la France linali pa udani ndi zipani za ansembe, nilanda nyumba zao zambiri. Ndipo amene anabwera kuno anabwera ali osauka, akudalira zopereka za Akristu anzao.

Nanga zoperekazo zinasonkhanitsidwa bwanji? Apa pali nkhani imene katekisiti ali yense ayenera kuidziwa ndi kuifotokoza kwa anthu ache. Mu mzinda wa Lyon munali mtsikana dzina lache Pauline Jaricot. Iyeyu anapangana ndi akazi ogwira nchito yoomba nsaru kuti ali yense azipereka kakhobidi kamodzi pa sabata kothandizira mishoni za kutali. Anawaika m'magulu a anthu khumi khumi. M'gulu liri lonse munali mmodzi wolandira makhobidi, ndipo iye anali kukapereka kwa woyang'anira magulu khumi, ameneyonso kwa wina wa pamwamba pache. Mwa njira imeneyi munabadwa, m'chaka cha 1822, Bungwe la Kufalitsa Chikhulupiriro, limene linadyetsa ndi kubveka amishoni a Katolika m'maiko ambiri, ndi a kuno omwe. M'chaka cha 1922 Papa Pius XI analisamutsira ku Roma, ndipo Pauline Jaricot anachulidwa Wodala mu mzinda womwewo wa Lyon m'chaka cha 2022.

Taganizani tsono. Njerwa zoyamba za mishoni zathu sizinagulidwe ndi chuma cha mafumu, koma ndi makhobidi a anthu amene manja ao anali okhakhala ngati athu. Chimene chinapatsa mphamvu makhobidiwo si kukula kwao. Ndi ichi, chakuti anali kubwera sabata ndi sabata, ndipo panali munthu wodziwika dzina wowalandira ndi kuwalemba. Munthu akaona bwino, aona kuti amai a ku Lyon anali ndi limana lao ndi mtulo wao zaka zambiri ife tisanamve mau amenewo.

Koma ngakhale kasupe wotere aphwa nthawi zina. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 anyamata a ku France, ndi ansembe omwe, anaitanidwa ku nkhondo, ndarama zinachepa, ndipo amuna a kuno anatengedwa ku tenga-tenga. M'chaka cha 1940 Ajeremani analowa m'dziko la Holland ndi la France, kumene kunali kwao kwa ansembe athu ambiri, ndipo njira ya makalata ndi ya ndarama inatsekeka zaka zingapo. Ambuye Louis Auneau, amene anali episkopi wa Shire kuyambira 1910, anaona nkhondo zonse ziwiri ali pa mpando. Kodi mpingo unafa masiku amenewo? Iai, unakulabe. Ndipo chifukwa chache sichibvuta kuchipeza. Nchito yaikuru ya mpingo inali m'manja mwa aphunzitsi a m'midzi, anthu olandira malipiro ochepa, olima minda yao okha, ophunzitsa ana katekisimu ndi kuwerenga m'nyumba ya mitengo ndi dothi imene mudzi unamanga wokha. Denga likadontha, eni mudzi anali kumweta udzu nafolera. Sanalembe kalata ku Ulaya. Chinthu chimene mtengo wache mudzi ukhoza kuusenza, nkhondo ya kutali siichipha.

Tisaganize kuti Akatolika okha anabvutika ndi funso limeneli. Joseph Booth, amene anayamba Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi m'chaka cha 1892, anafuna mishoni yodzidyetsa yokha ndi minda ya khofi, kuti isadalire zopereka za ku England. Maganizo anali abwino, ndipo nthambi zache zinafika ku Ntonda, ku Chiole ndi ku Dombole, kwa anansi athu a ku Ntcheu. Koma chitapita chaka cha 1900 khofi wa dziko lino anagwa: tizirombo tinamgwira, chilala chinamuumitsa, ndipo khofi wochuluka wa ku Brazil anatsitsa mtengo. Mishoniyo inabwerera ku zopereka. Mpingo wache ulipo kufikira lero ndi dzina la Zambezi Evangelical Church, koma chimene chinausunga ndi Akristu ache, si khofi ai. Ife alimi a thonje sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani yodalira mbeu imodzi imene mtengo wache aukhazika anthu a kutsidya la nyanja.

Za khate

Dzina la Utale lidziwika m'dziko lonse makamaka chifukwa cha odwala khate. Pakati pa nkhondo ziwiri zija mishoni zambiri zinatsegula midzi ya odwalawa: a Seventh Day ku Malamulo, a Anglikani ku Likwenu, Ansembe Oyera ku Mua, ndi a Montfort kuno ku Utale. Bungwe la ku London lothandiza pa khate, limene linayamba m'chaka cha 1924 ndi dzina la BELRA, linali kutumiza thandizo ku midzi yotere, ndi Boma lomwe linali kuonjezapo pang'ono. Mankhwala a masiku amenewo anali mafuta a mtengo wina wa ku India, obaya ndi singano. Anali owawa kwambiri, ndipo ochira nao anali owerengeka. Chotero munthu wolowa m'mudzi wa odwala anali kukhala zaka zambiri, ena moyo wao wonse. Anali kulima, kukwatira ndi kubala ana pomwepo. Ndipo zidzukulu zao tiri nazo m'mpingo muno.

Itatha nkhondo yachiwiri anafika mankhwala a dapsone, akumwa, otsika mtengo, ndipo zinthu zinayamba kusintha. Bungwe lija linatenga dzina latsopano la LEPRA, ndipo cha m'ma 1965 ndi 1966 linayamba nchito yaikuru ku Blantyre ndi maboma oyandikana nao. Njira yache inali yachilendo: m'malo mosonkhanitsa odwala pa malo amodzi, anchito anali kuwatsata kwao pa galimoto ndi pa njinga, nakumana nao pa tsiku lopangana, pansi pa mtengo kapena pa sukulu, nawapatsa mankhwala, nalemba m'buku amene wabwera ndi amene wajomba. Wojomba anali kumlondola ku nyumba. M'zaka za m'ma 1970 nchitoyi inafalikira m'dziko lonse. Ndipo akulu akumbukira kuti chipatala cha pa Balaka chinayamba ngati chipatala cha khate. M'chaka cha 1983 Malawi anayamba kupereka mankhwala ophatikiza, rifampicin, dapsone ndi clofazimine, amene aphadi kachirombo ka nthendayi. Odwala zikwi zambiri anachira nafafanizidwa m'mabuku. Pofika 1994 dziko lathu linakwanitsa muyeso wa bungwe la za umoyo la dziko lonse la pansi, ndiwo wakuti olembedwa pa mankhwala achepere munthu mmodzi mwa anthu 10,000.

Imeneyi inali nchito yokoma, ndipo amene anaigwira, Azungu ndi anthu a kuno, ayenera ulemu. Koma mverani chimene chinatsata. Mau anamveka m'midzi akuti khate latha. Sizinali zoona; muyeso uja sunanene kuti nthenda yatha, unanena kuti yachepa. Ndipo khate ndi nthenda yobisala: kachirombo kache kakhoza kukhala m'thupi zaka zisanu, nthawi zina kufikira makumi awiri, banga lisanaoneke pa khungu. Tsono m'zaka zotsatira thandizo la kunja linachepa, nchito inaikidwa m'manja mwa zipatala wamba, njinga zinatha osabwezedwa, anchito odziwa kuyesa banga ndi thonje ndi kukhudza mtsempha anakalamba napuma, ndipo achinyamata olowa m'malo mwao ambiri anali asanaonepo khate ndi maso. Pambuyo pache Unduna wa za Umoyo unayamba kulengeza odwala atsopano mazana angapo chaka ndi chaka, Balaka ndi Machinga ali pakati pa maboma ochulidwa, ndipo ena anali kufika ku chipatala zala zitapindika kale.

Chodabwitsa ndi ichi: mankhwala sanali ogula. Kuyambira 1995 aperekedwa kwaulere m'maiko onse, poyamba ndi ndarama za Nippon Foundation ya ku Japan, ndipo kuyambira 2000 monga mphatso ya kampani ya Novartis. Wodwala amwa miyezi 6 kapena 12 nachira. Chimene chinasowa si chinthu chachikuru cha mtengo wapatali. Chinasowa ndi munthu wa pa njinga, malipiro ache a mwezi, matayala ache, ndi buku lache. Opereka mphatso akondwa kulipira chinthu chooneka, chimene chiri ndi tsiku lotsegulira ndi mwala wolembapo dzina. Koma tayala la njinga liribe tsiku lotsegulira. Ine ndiyesa kuti pa nkhani imeneyi mlandu suli kwa alendo okha. Panali zaka zambiri zoti dziko likonzekere kusenza katundu wochepayo, ndipo tsiku lotsazika silinabwere mwa dzidzidzi.

Inu akatekisiti, amene mulowa m'nyumba za odwala koposa munthu wina ali yense, mau awa ndi anu: mukaona munthu ali ndi banga loyezuka pa khungu, losayabwa, limene samva mukalikhudza, mumuuze mwa chinsinsi ndi mwa ulemu kuti apite ku chipatala. Si ufiti, si tembelero, ndipo atayamba mankhwala sapatsiranso anzache.

Za madzi

Nkhani ya madzi ndi yaitali, ndipo amai aidziwa koposa abambo. M'chaka cha 1968 ku Chingale, m'boma la Zomba, kunayesedwa njira yotenga madzi ku mapiri ndi mapaipi, kuti atsike okha kufikira m'midzi popanda injini. Pangano linali lotere: Boma ndi othandiza a kunja apereke mapaipi ndi amisiri, eni midzi akumbe ngalande ndi makasu ao popanda malipiro, ndipo madzi akhale aulere. Njirayi inachita bwino kotero kuti anthu a maiko ena anali kubwera kudzaona. Nchito yaikuru koposa zonse za mtundu umenewu inali yathu ino ya Mpira-Balaka, imene inamangidwa kuyambira 1987 kufikira 1992 ndi thandizo la dziko la Denmark ndi la banki ya chitukuko ya Afrika. Anamanga damu pa mtsinje wa Mpira, umene uthira mu Rivirivi, m'munsi mwa nkhalango ya Mvai ku Ntcheu, ndipo madzi anatsika kufikira pa boma la Balaka ndi midzi yambiri ya chigwa chino. Amene anakumba ngalandezo ena akali moyo, ndipo anena kuti tsiku limene mpopi unatulutsa madzi koyamba nthungululu inamveka kutali.

Pa mpopi uli wonse panali komiti, panalinso anthu a m'mudzi ophunzitsidwa kulumikiza paipi yosweka. Ndipo pamwamba pao panali anchito a Boma oyendera mizere ndi kubweretsa zipangizo. Koma taonani pamene panali chilema. Popeza madzi anali aulere, panalibe thumba. Malipiro a oyendera mizere ndi mtengo wa mapaipi akuru zinali kuchokera ku Boma, ndipo Boma linali kuzitenga kwa othandiza. M'zaka za m'ma 1990 chuma cha Boma chitafooka, oyenderawo anachepa, ndi zipangizo zomwe zinaleka kufika. Mai wina wofufuza, Elizabeth Kleemeier, anayendera mizere ya madzi ya mtundu umenewu m'Malawi, nalemba m'chaka cha 2000 kuti makomiti a m'midzi adziwadi kukonza zazing'ono kuti madzi asaime, koma alephera nchito yosamala zinthu zisanaonongeke, ndipo kuti mizere yaing'ono inali kuyenda bwino koposa yaikuru. Ife tikhoza kubvomera mau amenewa osatsegula buku. Mpopi wa pa khomo ndi wathu. Koma thanki ya pa phiri, imene imwetsa midzi makumi ambiri, ndi ya yani? M'chaka cha 2002 dziko la Denmark linatseka ofesi yache m'Malawi nilileka thandizo lache. Pambuyo pache anakhazikitsa mabungwe a ogwiritsa madzi kuti azisonkhetsa ndarama pa mwezi. Koma munthu amene wamwa kwaulere zaka khumi, ndipo anakumba yekha ngalande, sabvomera msanga kuti alipire, makamaka pamene mpopi wache utulutsa madzi tsiku limodzi nukhala chete masiku atatu. Iye ati, ndilipiriranji madzi osabwera. A bungwe ati, madzi abwera bwanji inu osalipira. Ndipo onse awiri anena zoona.

Ndipo m'chaka cha 2018 damu la Mpira linauma. Anthu anaona pansi pache, dothi litang'ambika, ndipo mipopi ya Balaka ndi Ntcheu inakhala chete miyezi yambiri. Mvula inali itachepa zaka zotsatana, nzoona. Koma chifukwa china chinali nkhalango ya Mvai, imene inadulidwa chifukwa cha makala ndi minda, kotero kuti madzi a mvula analeka kulowa pansi, nayamba kuthamanga pamwamba ndi kukokolola dothi kulowetsa m'damu. Mvula itabwerera madzi anabwereranso, koma mitengo siimera m'dzinja limodzi. Pano tiyenera kulankhula mosabisa, pakuti matumba a makala aima m'mbali mwa mseu wathu womwe uno wa ku Zalewa, ndipo amene awaotcha si akunja, ndi Akristu anzathu ofuna chakudya cha ana ao. Sindiwaweruza, njala iribe manyazi. Koma palibe mlendo amene akadatha kutisungira nkhalango ali ku Copenhagen.

Mjigo uli ndi mbiri yosiyana pang'ono, ndipo ndi yotonthoza mtima. Mijigo yakale inali yolemera, yosatheka kuitsegula popanda galimoto ya Boma ndi amisiri ache. Ikaonongeka, mudzi unali kudikira miyezi. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, amisiri anayesa mjigo wina wopepuka, ndipo nzeru zimenezo zinakonzedwanso ku Kenya nizibala mjigo wa Afridev umene uli m'midzi yathu. Anaupanga dala kuti anthu awiri kapena atatu a pa mudzi, ndi amai omwe, akhoze kuzula ndodo zache ndi sipanala imodzi, nasinthe timphira ta pansi timene tikutha ndi nchito. Timphirato ndi totsika mtengo, ndipo tifunika kusintha ngati kamodzi pa chaka. Yendani tsono m'midzi, mudzapeza mijigo iwiri yokumbidwa ndi bungwe limodzi m'chaka chimodzi: wina ulikutulutsa madzi, wina wamera udzu ndipo mbuzi zigona pa simenti yache. Mukafunsa, kawiri-kawiri mudzamva kuti pa woyambawo pali mai wina wosunga buku, amene alandira kandarama ka banja liri lonse mwezi ndi mwezi, nawerenga poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Ndipo pa wachiwiriwo anthu anali kusonkha pokha-pokha mjigo utafa, kapena anasonkha kamodzi ndarama nizilowa m'thumba la munthu, ndipo kuyambira pamenepo palibe afuna kuperekanso. Nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka. Ndipo mjigo umene anthu auchula ndi dzina la bungwe limene linaukumba ukali wobwereka m'mitima yao.

Liriponso bvuto lina limene makolo a masiku a mashilingi sanalidziwe kwambiri, ndilo kugwa kwa ndarama. M'mwezi wa November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi. Komiti imene inasunga ndarama m'chitini inadzuka ili ndi mapepala omwewo, koma ogula zochepa. Chifukwa chache makomiti ochenjera agula timphira ndi zitsulo pamene ndarama ilipo nasunga zimenezo, kapena aika thumba lao m'banki mkhonde kuti libale.

Za mpingo ndi zipatala zache

Aroma anaona kale kuti mpingo wodalira alendo uli pa ngozi. Papa Benedict XV m'chaka cha 1919, ndi Papa Pius XI m'chaka cha 1926, analamula amishoni kuti aphunzitse ansembe a m'dziko momwemo. Ndipo m'chaka cha 1937 Cornelius Chitsulo anadzozedwa, wansembe woyamba wa Katolika mwa ana a dziko lino. M'chaka cha 1969 Papa Paul VI ali ku Kampala anauza Aafrika kuti nthawi yakwana yoti akhale amishoni a iwo eni. Chaka chomwecho dera la Fort Johnston linapatulidwa, ndipo m'chaka cha 1973 linakhala dayosizi ya Mangochi, Ambuye Alessandro Assolari a ku Italy ali episkopi wache woyamba. M'zaka zimenezo ansembe a ku Italy ndi abale ao a kwao anamanga zambiri m'boma lino, masukulu, zipatala ndi machalichi a njerwa ndi malata, ndipo tiyamika. Koma nyumba ya malata isiyana ndi ya udzu pa chinthu chimodzi: ikadontha, sitimweta malata ku dambo.

Ku Lilongwe, Ambuye Patrick Kalilombe anasonkhanitsa Akristu ao kuyambira 1973 kufikira 1975 kuti akambirane za mpingo wodzidalira, wodzitumikira ndi wodzifalitsa wokha. Ndipo maepiskopi a kum'mawa kwa Afrika anagwirizana m'zaka zomwezo kuti maziko a mpingo akhale timagulu ta Akristu oyandikana nyumba, timene ena ati miphakati, ena ati malimana. Mtulo, masika ndi chopereka cha pa Mulungu zinapeza pamenepo anthu ozisonkhanitsa odziwana maina. Ndipo mwezi wa October uli wonse, pa Mulungu la Mishoni limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1926, chopereka cha nthambi zathu chilowa m'thumba lomwe lija la amai a ku Lyon, kukathandiza ena. Ambiri apereka osadziwa zimenezi.

Komabe ndisakunyengeni kuti zonse zitheka ndi mtulo. Alipo katundu amene mudzi wa alimi a thonje sungamsenze ngakhale utagwirizana chotani, ndipo wonena kuti kudzidalira kuchiza zonse sanaonepo mtengo wa botolo la mankhwala. Chipatala ndicho chitsanzo. Mipingo inadziwa zimenezi m'chaka cha 1966, pamene Akatolika ndi Aprotestanti anaika zipatala zao m'bungwe limodzi, limene lero ndi CHAM, kuti alankhule ndi Boma ndi mau amodzi. Boma linabvomera kulipira malipiro a anchito a m'zipatala za mishoni, ndipo kuyambira 2006 linayamba mapangano akuti amai apakati ndi ana obadwa kumene athandizidwe kwaulere m'zipatala zina za mishoni, Boma nilibweza mtengo wache. Pamenepa mlendo wochoka analowedwa m'malo ndi msonkho wa dziko lonse, ndipo ndimo mmene ziyenera kukhalira. Koma ndarama za pangano zikachedwa, amai asisteri atsala pakati: akalipiritsa, osauka aberekera ku nyumba, akapanda kulipiritsa, mankhwala atha m'kabati.

Ndipo Boma lomwe liri ndi alendo ache. M'chaka cha 2013, zitaululika za kubedwa kwa ndarama za Boma ku Lilongwe, maiko othandiza analeka kuthira ndarama m'thumba la Boma, pamene kale anali kupereka ngati magawo 40 pa 100 a ndarama zoyendetsera dziko. Ndipo zipatala za m'midzi zinamva kuwawa kwache, ngakhale sizinabe kanthu. Mankhwala otalikitsa moyo, amene anayamba kuperekedwa kwaulere m'chaka cha 2004 ndipo abweza abale athu ambiri ku khomo la manda, agulidwa makamaka ndi ndarama za Global Fund, ndipo anchito ambiri oyeza magazi ndi olondola odwala anali kulipidwa ndi thandizo la ku America. M'mwezi wa January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lache la kunja mwa dzidzidzi, ndipo m'miyezi yotsatira bungwe lache la USAID linatsekedwa. Mankhwala anapitirira kufika m'zipatala. Koma mwa amene anauzidwa kuti akhale pa nyumba, ambiri anali a nchito yonga ija ya munthu wa pa njinga wa masiku a khate, ndiwo osunga mabuku, otenga magazi kupita nao koyeza, ndi olondola amene wajomba tsiku lache lolandira mankhwala.